Chimbale chomwe chinasiya filimu yake m'matope: mafunso ndi mayankho pa That's the Way of the World

Mukatchula Earth, Wind & Fire, ambiri amathamangira ku "September" ya mu 1978 kapena "Let's Groove" ya mu 1981, nyimbo zomwe ma DJ sanazitayebe mpaka lero. Komatu gulu la ku America limeneli linali litamanga kale nthenje m'chaka cha 1975, ndipo chomwe chinalikweza ndi chimbale cha nyimbo 8 zokha, chosakwana n'komwe mphindi 40. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza chimbale chimenecho.

Kodi ndi chimbale chanji, ndipo chinayenda bwanji pamsika?

Dzina lake ndi That's the Way of the World. Chinatuluka mu Malichi 1975 kudzera ku kampani ya Columbia Records, ndipo chinali chachisanu ndi chimodzi mwa zimbale zomwe gululi linajambula mu situdiyo.

Ku America kuli magazini ya Billboard yomwe sabata iliyonse imasanja nyimbo ndi zimbale potengera momwe zikuyendera malonda. Pofika Meyi 1975 chimbalechi chinali pa nambala 1 pa mndandanda waukulu wa zimbale zonse, za azungu ndi za anthu akuda zomwe, ndipo chinakhalapo masabata atatu. Pa mndandanda wa zimbale za soul chinakhala pamwamba masabata asanu. M'mwezi womwewo nyimbo yake yotsegulira, "Shining Star", inakwera pa nambala 1 pa mndandanda wa Hot 100, ndipo chaka chotsatira inawabweretsera mphoto yawo yoyamba ya Grammy. Ku America kokha chagulidwa makope oposa 3 miliyoni.

Chomwe ambiri sachidziwa n'chakuti pa nyimbo zonse zotchuka za gululi, "Shining Star" yokha ndi imene inafika pa nambala 1 ya Hot 100. "September" yomwe timaiyesa mfumu ija inathera pa nambala 8.

Oimbawo anali ndani?

Anali amuna 9, koma mwini mudzi anali Maurice White. Iyeyu anabadwira ku Memphis mu 1941, n'kukula akumva nyimbo za m'tchalitchi, kenako anasamukira ku Chicago komwe anapeza ntchito yoimba ng'oma ku kampani ya Chess Records. Inali ntchito ya kuseri: woimba aliyense wobwera kudzajambula, iye ankamuimbira ng'oma, dzina n'kupita kwa mwini nyimbo. Ng'oma zomwe zimamveka mu "Rescue Me" ya Fontella Bass ya mu 1965 ndi zake. Mu 1966 analowa gulu la jazz la Ramsey Lewis, ndipo atachokako anakhazikitsa lake, n'kupita nalo ku Los Angeles mu 1970.

Gulu loyambalo linatulutsa zimbale ziwiri ku Warner Bros. koma silinapite patali. Mu 1972 Maurice anayambanso mwatsopano, atangotsala ndi mng'ono wake Verdine White woimba besi. Anatola anyamata. Philip Bailey wa mawu anthetemya, Larry Dunn wa makiyibodi ndi Andrew Woolfolk wa sakisofoni ndi chitoliro onse anakulira ku Denver. Panabweranso Ralph Johnson pa ng'oma, Al McKay ndi Johnny Graham pa magitala, ndipo pomaliza mng'ono wina, Fred White, nayenso pa ng'oma. Clive Davis, yemwe panthawiyo anali bwana wa Columbia, ndiye anawatengera ku kampaniyo.

Pamene ankajambula chimbalechi Maurice anali ndi zaka 32, Larry Dunn 21, Fred White 19. Kusiyana zaka kumeneku kumamveka m'nyimbo. Anyamatawo anali ndi moto, mkulu wawoyo anali atakhala zaka zambiri kuseri kwa ng'oma akuonerera momwe nyimbo imamangidwira ndi momwe imaonongekera.

Mawu akuti soul ndi funk timangowamva. Kusiyana kwake kuli pati?

Soul ndi chamba chomwe anthu akuda a ku America anachitulutsa m'tchalitchi n'kupita nacho kudansi. Kaimbidwe ka mtsogoleri wa kwaya, kuyankhana kwa woyambitsa ndi opolokezera, kukuwa kochokera pansi pa mtima, zonsezo anazisunga, kungosintha nkhani kuti ikhale ya chikondi ndi mavuto a tsiku ndi tsiku. Ray Charles, Sam Cooke ndi Aretha Franklin ndi ena mwa eni ake. Mu soul mfumu ndi mawu a woimba.

Mu funk mfumu ndi kugunda. James Brown ndiye anachikhwimitsa chambachi m'zaka za m'ma 1960, polamula kuti bandi yonse izitsindika kugunda koyamba pa kugunda kunayi kulikonse, ndiponso kuti gitala, besi ndi malipenga zonse zizigwira ntchito ya ng'oma. Chida chilichonse chimapatsidwa kachidutswa kakafupi kobwerezabwereza, ndipo kukoma kumachokera pa momwe tizidutswato tikulowerana. Zili ngati amayi awiri kapena atatu akusinja mumtondo umodzi: munsi wina ukamatsika wina ukukwera, osagundana, ndipo womvera chapatali amamva nyimbo imodzi.

Earth, Wind & Fire inatenga zonse ziwiri, n'kuthirapo jazz yomwe Maurice anachokera nayo kwa Ramsey Lewis, ng'oma za chi Latin, ndi zina za ku Africa.

Nanga nkhani ya filimu ikulowa bwanji pamenepa?

Apa ndiye pali nkhani. Chimbalechi chinapangidwa kuti chikhale nyimbo za mu filimu ya dzina lomwelo. Mkulu wa filimuyo anali Sig Shore, yemwe mu 1972 anadya bwino ndi Super Fly, filimu yomwe nyimbo zake, zopekedwa ndi Curtis Mayfield, zinagulidwa kwadzaoneni. Shore ankafuna kubwereza mwayiwo. Nawo a Earth, Wind & Fire sanali alendo pa ntchito yotere, poti mu 1971 anali ataimba kale mu filimu ya Melvin Van Peebles.

Mufilimumo Harvey Keitel akusewera ngati Coleman Buckmaster, katswiri wophika nyimbo pa kampani ina. Mtima wake uli pa bandi ya anyamata akuda, omwe ndi a Earth, Wind & Fire eniakewo, koma mabwana ake, omwe ali m'thumba mwa zigawenga, akumukakamiza kuti awasiye kaye n'kuyamba kukweza banja lina la azungu loimba nyimbo zozizira, looneka laulemu pamaso pa anthu koma lovunda kuseri. Mutu wa nkhani unali wabwino ndithu, ndipo unkanena zoona za momwe makampani a nyimbo ankachitira. Kungoti filimuyo sinaphikidwe bwino.

Oimbawo ataionera isanatuluke anadziwiratu kuti igwa chagada. Maurice analimbikira kuti chimbale chitsogole, chikadziyendere chokha pamsika filimu isanachipake matope. Zinaterodi. Chimbale chinatuluka mu Malichi, filimu inabwera patapita miyezi, n'kuzimirira mwakachetechete. Pambuyo pake eni ake anayesa kuitulutsanso ataisintha dzina kukhala Shining Star, kufuna kukwera pamsana pa nyimboyo, koma inaiwalikabe.

Ndiye taonani: mufilimu bandi ya anthu akuda ikukankhidwira pambali ndi mabwana, pamene kunja kuno bandi yomweyo ikukhala pa nambala 1 dziko lonse la America. Maurice akanachita manyazi n'kudikira tsiku lomwe eni filimu anakonza, mwina bwenzi lero tikuchitchula chimbalechi ngati nyimbo za filimu ina yolephera.

Anakachijambulira kuti?

Gawo lalikulu analijambula chakumapeto kwa 1974 ku Caribou Ranch, situdiyo yomangidwa pa famu ya kumapiri a Rocky pafupi ndi tauni ya Nederland m'chigawo cha Colorado. Mwini wake anali James William Guercio, yemwe ankaphika nyimbo za bandi ya Chicago, ndipo Elton John nayenso anajambulirako. Kunali kutali ndi phokoso la m'tauni, oimba ankagona komweko, kudya komweko, kudzuka n'kulowa mu situdiyo. Zotsala anakamalizira ku Los Angeles. Pamakina panali George Massenburg, injiniya wachinyamata yemwe mpaka lero amalemekezedwa pa luso losefa mawu. Ndiye chifukwa chake ngakhale zida zichuluke bwanji, khutu limatha kutsatira chilichonse pachokha.

"Shining Star" ili ndi chiyani chomwe nyimbo zina za nthawiyo zinalibe?

Choyamba ndi kufupika. Siikwana mphindi zitatu, pamene mabandi a funk nthawi imeneyo ankakonda kukoka nyimbo mpaka ovina atatuluka thukuta lachiwiri. Anaipeka atatu, Maurice White, Philip Bailey ndi Larry Dunn, ndipo Maurice ankafotokoza kuti ganizo linamufikira akuyenda usiku ku Caribou Ranch, kumwamba kuli nyenyezi zokhazokha. Uthenga wake ndi wolimbikitsa munthu aliyense kuti ali ndi kuwala kwake, posatengera komwe akuchokera.

Koma uthenga wotere aliyense akhoza kuulemba. Luso lili m'kamangidwe. Imvereni ndi mahedifoni. Imayamba ndi magitala okhaokha, akudumphana ndi kulowerana, ng'oma kulibe. Kenako besi ya Verdine imalowa pansi pawo, ndipo musanakonzeke malipenga amaphulika kamodzi, bandi yonse n'kugwera mkati. Maurice amatenga ndime yoyamba ndi mawu ake okhuthala, Bailey n'kumulandira ali m'mwamba. Kwaya yomwe mumaimva kumbuyoko kwenikweni ndi anthu awiri omwewa, atajambula mawu awo kambirimbiri n'kuwasanjikiza.

Ndiye pali mathero ake. Zida zonse zimasiya, kutsala mawu a anthu ndi kukhwatchitsa zala. Pobwereza komaliza Massenburg amachotsa kamkokomo konse komwe kamachititsa mawu kumveka ngati ali m'holo, moti oimbawo amangokhala ngati akuimbirani pakhutu penipeni. Kenako zii. Musanapume n'komwe, nyimbo yachiwiri yayamba kale, yofatsa, ya piyano yamagetsi. Masekondi ochepa amenewo ndi omwe amandichititsa kunena kuti chimbalechi anachimanga kuti chizimvedwa chathunthu.

Tisaiwalenso nyengo yake. Pulezidenti Richard Nixon anali atatula pansi udindo mwamanyazi mu Ogasiti 1974, nkhondo ya ku Vietnam inkatha mu Epulo 1975, mitengo ya mafuta inali itakwera, ntchito zikusowa. Martin Luther King Jr. anali ataphedwa zaka 7 m'mbuyomo. Oimba ena akuda, monga Sly Stone, anali atayamba kale kuimba mokhumudwa. Maurice anasankha kuimba za chiyembekezo, ndipo anthu otopa anamulandira ndi manja awiri.

Dzina la Charles Stepney limatchulidwa kwambiri pa chimbalechi. Anali ndani?

Kwa ine, uyu ndiye munthu amene mbiri yamubera ulemu. Sanali membala wa gululi, ndipo pachikuto cha kutsogolo palibe nkhope yake. Anali mnzake wa Maurice kuchokera masiku a ku Chess Records, wamkulu kwa iye ndi zaka 10, woimba piyano wodziwa kulemba nyimbo papepala ndi kusanja zida zambirimbiri kuti ziyankhulane. Ku Chicago anali atagwira kale ntchito ndi Rotary Connection, The Dells, Terry Callier komanso Minnie Riperton, yemwe anamuphikira chimbale chake choyamba, Come to My Garden.

Stepney anayamba kuthandiza gululi pa chimbale cha Open Our Eyes cha mu 1974, ndipo pa That's the Way of the World anaphika limodzi ndi Maurice. Anathandizanso kupeka nyimbo zingapo, kuphatikizapo ya mutu wa chimbale ndi "Reasons". Mukamva mavayolini akulowa mwakachetechete osaphimba woimba, kapena malipenga akuyankha ndendende pomwe mawu apumira, dziwani kuti ndi dzanja lake. Anyamata a m'gululi ankamuona ngati mphunzitsi wosanyengerera, wobwezetsa munthu mpaka gawo lake likhale bwino.

Nyimbo ya mutu wa chimbale ndi umboni wake waukulu. Imayenda pang'onopang'ono, yosathamangira kulikonse, malipenga ake ofewa, ndipo gitala ya Johnny Graham ikalowa imangonena mawu ochepa n'kukhala chete. Inafika pa nambala 12 pa Hot 100 ndi nambala 5 pa mndandanda wa soul, koma kwa okonda gululi ndiyo nyimbo ya fuko lawo.

Stepney anamwalira ndi matenda a mtima mu Meyi 1976 ali ndi zaka 45, ali mkati mogwira ntchito ya chimbale cha Spirit. Mu 2022 ana ake aakazi anatulutsa Step on Step, chimbale cha zomwe bambo awo ankajambula okha m'chipinda cha pansi kunyumba kwawo ku Chicago. Mmenemo muli "That's the Way of the World" ikadali yaiwisi, isanavekedwe zovala. Womvera amazindikira msanga kuti mafupa a nyimboyo anachokera kwa yani.

N'zoona kuti "Reasons" si nyimbo ya ukwati?

N'zoona. Anthu a ku America akhala akuvinira nyimboyi pa maukwati kwa zaka zambiri, chifukwa ndi yofatsa ndipo Philip Bailey amaiimba ndi mawu okwera mochititsa nthumanzi. Koma nkhani yake ndi ya mwamuna ndi mkazi omwe akumana usiku umodzi chifukwa cha chilakolako, kukacha n'kupeza kuti panalibe chikondi chilichonse. Bailey mwiniwake wakhala akunena poyera kuti zimamudabwitsa kuona akwati akuisankha. Sinatulutsidwe payokha ngati singo, komabe ndi imodzi mwa nyimbo zomwe anthu amaziitanitsa kwambiri gululi likakwera pa siteji.

Kalimba anafika bwanji m'manja mwa woimba ng'oma wa ku Chicago?

Ili ndi gawo lomwe likutikhudza ife mwachindunji. Chida chomwe Maurice White ankachinyadira kwambiri ndi chomwechi chodziwika kuno kwathu ndi ku Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe: kabokosi kathabwa kokwana m'manja awiri, pamwamba pake atakhomapo tizitsulo tosalala, tatitali pakati, tatifupi m'mbali, toimbidwa ndi zala zazikulu.

Njira yomwe chinadzera ndi ya Hugh Tracey, Mngelezi yemwe anayendayenda kumwera ndi pakati pa Africa akujambula nyimbo za makolo, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anafikanso ku Nyasaland. Mu 1954 anakhazikitsa nkhokwe ya International Library of African Music ku South Africa. Iyeyu anayamba kupanga chidachi m'fakitale, atachichuna kuti chizigwirizana ndi manoti a piyano, n'kumachigulitsa kunja. Maurice anachipeza m'sitolo ya ng'oma ku Chicago akadali kwa Ramsey Lewis, panthawi yomwe achinyamata akuda ambiri ku America ankafunafuna mizu yawo ya ku Africa. Anachikonda mpaka kampani yake anaitcha Kalimba Productions, ndipo pa Open Our Eyes pali nyimbo yotchedwa "Kalimba Story".

Pa chimbale chathuchi mudzachimva bwino mu "Happy Feelin'", momwe chikuthamanga pamwamba pa ng'oma ndi besi, komanso koyambirira kwa "Africano", nyimbo ya zida zokhazokha yomwe imayamba ndi chitoliro isanasanduke funk yolusa.

Tinene chilungamo: Maurice sankaimba kalimba momwe amaimbira akuluakulu a kuno, oyenda nacho panjira akung'ung'udza nyimbo ya madandaulo. Iye ankachiimba ngati woimba jazz, mothamanga, atachilumikiza ku magetsi. Africa wa m'nyimbo zake ndi wa m'maganizo a munthu wobadwira ku Memphis. Koma anachiika chidachi patsogolo pa siteji, pamaso pa anthu zikwizikwi, panthawi yomwe kuno ambiri ophunzira ankachiona ngati cha kumudzi.

Ndiye kuti chimbalechi chilibe chilema?

Chilipo. "All About Love" imayamba bwino, koma pakati pake Maurice amasiya kuimba n'kuyamba kulalikira za chikondi ndi kudzidziwa, ndipo ulalikiwo umatalika kuposa momwe nyimbo ingasenzere. Mawu a nyimbo zingapo ndi a malangizo okhaokha, opanda munthu weniweni kapena chochitika chomwe ungachigwire. Okonda funk yaukali ya George Clinton ndi Parliament, omwe Mothership Connection yawo inatuluka kumapeto kwa chaka chomwecho, kapena ya Ohio Players, amati Earth, Wind & Fire inachapa funk mpaka kuichotsa fungo.

Pamenepo ine sindivomereza kwathunthu. Ukhondo wa kajambulidwe si kufooka. Amene akukayika amvere "Yearnin' Learnin'" ndi piyano yake yolumpha, kapena "See the Light" yotsekera chimbale, yomwe imayamba ndi kugunda kwa 7 m'malo mwa 4 wa masiku onse. Bandi yofuna kungosangalatsa wayilesi siika zotere pa chimbale.

Chinasintha chiyani pa moyo wa gululi?

Ndalama zinalowa, ndipo Maurice anazibweza mu bandi. Analemba ntchito gulu lokhazikika la oimba malipenga, la Phenix Horns, momwe munali anzake akale a ku Chicago, Don Myrick ndi Louis Satterfield. Chisanathe chaka cha 1975 anatulutsa Gratitude, chimbale cha mbale ziwiri chomwe nyimbo zake zambiri anazijambula pa siteji, ndipo nachonso chinafika pa nambala 1. Kenako kunabwera Spirit mu 1976, All 'n All mu 1977 ndi I Am mu 1979, pamodzi ndi zithunzi za mapiramidi a ku Egypt ndi matsenga a pa siteji omwe anthu amawakumbukira.

Mu 2000 gululi linalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame. Maurice White, yemwe anadwala matenda a Parkinson kwa zaka zambiri, anamwalira mu Febuluwale 2016 ali ndi zaka 74. Andrew Woolfolk anatsatira mu 2022, Fred White kumayambiriro kwa 2023. Verdine White, Philip Bailey ndi Ralph Johnson ndiwo anapitiriza kuyenda ndi dzinali.

Munthu amene sanachimvepo ayambire pati?

Ayambire poyambira, ndipo asadumphe nyimbo. Pa mbale ya galamafoni mbali yoyamba inali ndi "Shining Star", "That's the Way of the World", "Happy Feelin'" ndi "All About Love", yachiwiri "Yearnin' Learnin'", "Reasons", "Africano" ndi "See the Light". Anazisanja dala kuti yothamanga izitsatana ndi yofatsa, ndipo foni ikazisakaniza mwachisawawa kukoma kwina kumatayika. Sipika ya foni nayo imameza besi ya Verdine, choncho pezani mahedifoni kapena wayilesi ya sipika zabwino. Mukamaliza, fufuzani "Reasons" ya pa Gratitude, momwe Bailey akuyankhana ndi sakisofoni ya Don Myrick pamaso pa anthu, kuti muyerekeze ndi ya mu situdiyo. Ambiri amati ya pa sitejiyo ndiyo yopambana, ndipo ine ndili nawo mbali imodzi.